Giza ya Pamwamba pa Bafa

Okondedwa omvera, ndine mayi wa ku Kafue Estates. Madzi athu a pampopi amasiya zoyera zolimba mu ketulo. Ndinkangozipala ndi supuni, osaganiza kuti zomwezo zikuunjikananso mu giza, thanki yotenthetsera madzi imene ili pamwamba pa siling'i ya bafa.

Giza itayamba kulira ngati muli miyala yogubuduzika, ndinauza amuna anga. Iwo anati, "Ni yakale chabe, amake mwana, osayopa."

Loweruka lina m'mawa ndinkasambitsa khanda langa. Nditangolinyamula kukatenga thaulo kuchipinda, ndinamva chiphokoso kumbuyo. Siling'i inali itagwa, madzi owira atakhuthukira m'beseni momwe munali mwana. Beseni lapulasitikilo linachita kupindika. Ndinangokhala pansi nditamukumbatira mwanayo.

Pulambala atatsegula giza ija, anatulutsa zoyera zodzaza ndowa. Anati, "Amai, izi ndiye zinatseka potulukira nthunzi. Ndipo manyumba yonse pa laini ino yasebenzesa manzi yamodzi."

Mpaka lero mwanayo ndimamusambitsira panja. Anansi anga, amene amagwiritsa ntchito madzi omwewo, ndinawachenjeza, koma akuti giza yawo ikugwirabe bwino. Ali ndi ana aang'ono, ndipo m'mawa uliwonse ndimawamva akuseka m'bafa, kuseri kwa khoma lathu.