Manda a Bambo ku Mozambiki

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu, amene saiwala ngakhale mpheta imodzi.

Tinathawa nkhondo ku Mozambiki ndili mwana, titangoika bambo m'manda, n'kudzakhazikika ku Makanjira. Chaka chatha amayi anati, "Mwanangu, ndiperekeze ndikaone pamene anagona bambo ako ndisanafe."

Njira yonse mtima wanga unali m'mwamba. Ndinkaopa kuti tikapeza atalimapo chinangwa, amayi n'kubwerako ndi chilonda chatsopano.

Koma tinapeza mandawo ali osesedwa bwino, atazunguliridwa ndi miyala. Bambo ena okalamba achisilamu, amene tinkayandikana nawo kale, anawazindikira amayi.

"Mwachedwatu, alamu," anatero akuseka. "Khasu langa latha ndi kulambula pano."

Amayi anagwada n'kulira, koma pobwerera m'lole ankayimba nyimbo zakutchalitchi.

Inu omvera amene munasiya anu atagona kutali, Ambuye akudzutsireni munthu wowalambulira.