Amalume Obwereka Anapulumutsa Mwendo Wanga

Asalaam aleikum abale ndi alongo. Ndine Yusufu wa ku Mangochi, dalaivala wa banja lina ku Al Waab, kuno kudziko la Aarabu. Ambiri munamva kuti ndinagundidwa ndi ndege, ndipo ena munaseka. Sindikukudzudzulani, chifukwa ngakhale ine mwini wake nkhaniyi imandizunguzabe mutu.

Lachisanu lina ndinaperekeza mwana wa abwana kuchipululu, kumene anthu olemera amaulutsa tindege tokwera anthu awiri. Ndinaima pambali pa galimoto ndikumwa tiyi. Kandege kena potera kanaphonya njira, phiko lake n'kundimenya, ndipo ndinatsitsimukira kuchipatala mwendo wakumanja utathyoka pawiri. Mwendo wa mabuleki umenewo. Dokotala anati popanda opaleshoni yachiwiri, za chiwongolero ndiiwale. Ana anga atatu amadya ndi kuphunzira chifukwa cha mwendo womwewo.

Tsiku lachitatu kunabwera mwini kandege, bambo waulemu, misozi ili m'maso. Anabweretsa zipatso za tende, mafuta onunkhira, envelopu ya ndalama, ndi pepala lolembedwa m'Chiarabu. Mnzake amene anabwera naye anandipatsa cholembera, nati ndingosaina, "khalas," kutanthauza kuti nkhani yatha.

Mutu unaima. Kwathu munthu akabwera ndi chipepeso m'manja sabwezedwa, ndipo chipembedzo chathu chimatiphunzitsa kukhululuka. Kodi ndikakana ndiye kuti ndine wadyera? Nanga abwana akamva kuti ndikuvuta, sandibweza kwathu? Cholemberacho ndinachigwira ndithu. Ndinapempha Allah chamumtima kuti andionetse chochita, koma sindinamve kanthu. Chimene chinatuluka pakamwa panga chinali chizolowezi chabe: ndinati kwathu mlandu sutha amalume palibe.

Alendowo anayang'anana, nati abweranso mawa, amalumewo adzakhalepo. Amalume anga ali ku Mangochi. Ndinaimba, ndinaimbanso, foni yawo osapezeka. Ndinaona kuti ndadzitchera ndekha msampha, ndipo ndinalira ngati mwana.

Nesi wina Mmalawi, mayi Asiyatu, anandipeza ndikupukuta misozi. Nditawafotokozera anaseka. "Kuno amalume timabwereka, achimwene. Musasaine ma-paper alionse, mwamva?" Anaimbira Che Saidi, akauntanti wachikulire wa ku Fereej Bin Omran, munthu amene ndinali ndisanamuonepo.

M'mawa Che Saidi anafika atavala mkanjo woyera, nakhala pambali pa bedi ngati anandilera ndi iwo. Alendo atabwera, tende analandira n'kuthokoza, envelopu anaibweza mwaulemu, pepala lija analijambula pafoni n'kutumiza kwa loya amene amaswali naye mzikiti umodzi. Loyayo anati pepalalo linkanena kuti ndasiya zonse, sindidzapemphanso kanthu. Anatinso kandegeko kanali ndi inshulansi, ndipo ndiyo yoyenera kulipira chipatala ndi chipukutamisozi.

Ine ndinasokonezekanso. Ndinafunsa kuti nanga kukhululuka kuja kwapita kuti? Che Saidi anati, "Mtima ndi umene umakhululuka, mphwanga. Siginecha ayi."

Nkhaniyi inatenga miyezi. Panali lipoti la apolisi, la madokotala, ndi maofesi amene mayina ake ndinaiwala. Zambiri sindikuzimvetsa mpaka lero, ndinkangosaina pamene loya waloza. Koma opaleshoni inachitika, chipukutamisozi chinabwera, ndipo ndabwerera pachiwongolero ngakhale ndimatsimphina. Bambo wa kandege uja ndinamukhululukira ndi mtima wonse.

Amalume anga enieni atapezeka pafoni, ndinawafotokozera zonse poganiza kuti akondwera. Anandikalipira. "Munthu wabwera kudzapepesa, iwe n'kumubwezera envelopu? Ukanandipeza ine, ndikanati usaine pomwepo!"

Apa m'pamene maso anga anatseguka. Miyezi yonseyi ndinkadandaula kuti tsiku lija Allah sanandiyankhe, ngakhale kungondilumikizira foni kokha.

Alhamdulillah. Ndikuthokoza mayi Asiyatu, Che Saidi ndi loya uja. Inu amene muli pamayesero, musataye mtima, ndipo pepala limene simukulimva musalisaine muli nokha. Ine ndikuyendetsa galimoto lero chifukwa foni ya amalume inali yozima.