Tsiku Limene Tichafa Analipira pa Geti

Mayi Ackerley eni munda uno, abusa, amayi a komiti ya nyumba ya okalamba, mpongozi wanga Mai Tsitsi, ana ndi zidzukulu, anzanga a pantchito, ndakupatsani moni nonse.

Ine ndine Ketina wa kukhitchini, wa tiyi ndi masikono uja. Pepala ndilibe, sukulu ndinalekeza panjira. Mkulu waimviyu, Tichafa, ndi mwana wa achimwene anga aakulu. Kubadwa anayamba ndi iyeyo, koma zakhali ndine. Ndiye lero ndimunena, ndipo sayankha.

Mwana ameneyu wasamala maluwa pano zaka makumi atatu ndi zinayi. Chaka chake choyamba, tsiku lotsegulira anthu munda, anaona mayi wina akuthyola kanthambi n'kuponya m'chikwama. Anamugwira pamkono mpaka pakhonde, ati wagwira wakuba. Wakubayo anali mkazi wa abusa. Abusa musawerame, sanali anuwa. Kuyambira apo mlendo samuona kumaso. Amaona chikwama.

Tsono chaka chatha anagwa pa makwerero akumeta mpanda. Adokotala anati mtima watopa, asiye ntchito, apo ayi tsiku lina tidzamutola m'maluwa. Iye anakana. Ati akachoka munda usanduka tchire, alendo asiya kubwera, ndalama za pa geti zitha, okalamba aja adya chiyani? Mkazi wake Mai Tsitsi anabisa majombo. Munthu anabwera ndi nsapato za kutchalitchi. Ine ndikamva chinthu chagwa panja, mtima phaa, ndimati basi ndi yemweyo.

Ndiye Mayi Ackerley anamuuza kuti chaka chino apume miyezi itatu, munda aukonze Mai Shupikai amene anawaphunzitsa yekha. Iye adzabwere tsiku lotsegulalo ngati mlendo. Akapeza tchire, abwerere pantchito.

Loweruka lotsegula munda anabweradi, atavala suti. Anaima pamzere, n'kulipira pa geti ngati wina aliyense. Anazungulira maola awiri, manja kumbuyo. Mai Shupikai anabisala kuseri kwa thanki. Ine ndinathira mchere m'shuga, pepani amene munamwa.

Kenaka ndinangoona wakhala pa benchi ya pansi pa mkuyu. Zaka zonsezi sindinamuonepo atakhala pamenepo. Ndinamupititsira tiyi. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Azakhali, kodi munda uno ndi wokongola chonchi? Ine ndinkangoona udzu wofunika kuzula."

Lolemba m'mawa anabweretsa makiyi a shedi ya zipangizo yekha, popanda womukakamiza. Abale anga, tsiku limenelo ndinadya mbale ziwiri.

Tichafa mwana wanga, zikomo. Nkhalamba zija zikufunda mabulangete, denga lawo silidontha, chifukwa anthu amakwera phiri la Vumba kudzaona ntchito ya manja ako. Tonse pano watiphunzitsa, ena mokalipa, koma watiphunzitsa. Ndipo chimene ndikuthokoza Mulungu koposa n'chakuti ukutuluka pano ukuyenda ndi miyendo yako, ife tikuseka.

Pita kumudzi ukapume. Uzidzuka dzuwa litakwera, uzimwa mankhwala ako osakangana ndi mkazi wako. Zidzukulu zikufuna agogo a nthawi yaitali.

Tsono imirirani nonse. Amayi nthungululu, abambo manja, mpaka amve ali kutauni ku Mutare!