Chitonga cha amuna a Mervis

Pa siteji ya Ntcheu, Mervis anangopezeka akuuza mayi wina wapaulendo nkhani yomwe ankabisira ngakhale abale ake.

"Nthawi yotentha ija tinapita kokayenda ku Chintheche ndi amuna anga. Tili m'boti, iwo anagwera m'madzi, koma anthu anawavuula."

"Ndiye ali bwino?"

"Thupi lokha. Chibwerereni akumayankhula Chitonga, chomwe sanaphunzirepo. Ine sakundidziwa. Akungofunsa za mkazi wawo, ati NyaChirwa."

"Akumati chiyani za iyeyo?"

"Omva Chitonga akuti akupepesa kuti achedwa kubwerako kunyanja."

Mayiyo anatula chikwama chake pansi.

"Amuna anga anamira komweko chaka chatha, ndipo sitinawapeze. NyaChirwa ndine, mayi. Nditengeni ndikawayankhe."