Nyumba Yofulatira Mwera

Amene anafuna kudetsa dzina la Che Salumu, mmisiri womanga nyumba wa ku Lulimile m'chigawo cha Niassa, ndi Felisberto wa ku ofesi ya zomangamanga, ndipo anadikira kuti munthuyo afe kaye. Munali mu Juni 1985, kutatsala sabata imodzi kuti akuluakulu adzatsegule mwamwambo nyumba ya mabuku pa chikondwerero cha zaka khumi za ufulu. Felisberto anabwera m'mawa kudzaiyendera, pulani m'manja, buku la malipoti m'khwapa, n'kukaima kuseri kumene mphepo ya mwera imamenya khoma. Abiti Momade, mkazi wamasiye wa Che Salumu, amene ankasesamo ndi kusunga kiyi, anamupeza akugogoda njerwa.

"Odi," anatero Felisberto, maso ali pakhoma.

"Mukuodira ndani, bambo? Abuluzi?"

"Ndikuodira pakhomo, kamarada."

"Khomo lili uko, kutsogolo."

"Kutsogolo ndi kuno." Anatambasula pepala, mphepo n'kuyamba kulikupiza. "Onani. Khomo limodzi, mawindo anayi aakulu, zonse kummwera. Pano ndaima pakhomo penipeni."

"Ndiye lowani."

Felisberto anakankha njerwa ndi chala. Kenako ananyowetsa pensulo ndi malovu n'kulemba.

"Mwalemba chiyani?"

"Mfundo yoyamba. Nyumba ya mabuku ilibe khomo."

"Nanga ine ndi tsache langali ndatulukira pati? Padenga?"

"Zimenezo ndizifufuza pa mfundo yachinayi. Anamanga ndani?"

"Aa, Bambo Felisberto. Simunkamwa nawo tiyi wopanda shuga pansi pa paini uyo?"

"Lipoti silimwa tiyi. Dzina."

"Che Salumu Ajibu. Amuna anga."

Felisberto anatsegula tsamba lina lakumapeto. Abiti Momade anasuzumira. Sukulu anailekera kalasi yachitatu, koma mawu amene anali pamwamba pa tsambalo ankawamva pamsonkhano uliwonse.

"Limenelo si tsamba la osokoneza chitukuko?"

"Ndi lomwelo. Mayina ake adzawerengedwa pa chikondwerero, anthu onse akumva."

"Munthu anafera pamsewu wa ku Cuamba. Anawomberedwa ali pamwamba pa lole, akuchokera kokatenga magalasi a mawindo a nyumba yomweyi."

"Mawindo ati?" Felisberto anayang'ana khoma kuchokera kumanzere mpaka kumanja. "Sindikuona windo."

Abiti Momade anagwira tsache ndi manja awiri. Analiyang'ana, anayang'ana dazi la Felisberto, kenako analitsamiritsa kukhoma, chifukwa tsache linali limodzi lomwelo.

"Tamverani, bambo. Mzungu amene anajambula pepalalo kuno sanagoneko nyengo yozizira. Kwawo n'kutsidya lina la dziko. Amuna anga anati kumeneko dzuwa limadzera kummwera, n'chifukwa chake mzunguyo anaika mawindo mbali imeneyo. Kuno mu Juni dzuwa limapendekera kumpoto, kummwera kumangochokera chisanu. Ndiye iwo anangoitembenuza nyumbayo kuti ifulatire mphepo. Njerwa ndi zomwezo, khomo ndi lomwelo. Tazungulirani mukaone."

"Mwavomera kuti anaitembenuza."

"Ndavomera kuti anali ndi mutu."

"Mutu mulibe mu pulani." Analoza pakona pa pepala, pamene panali kadzuwa kojambulidwa ndi timizere take. "Ili ndi dzuwa. Lili kummwera. Kuno kumene taimaku."

"Likukuwotchani?"

Chibwano cha Felisberto chinali chikunjenjemera ndi chisanu. "Lachedwa."

"Lachedwa kuyambira liti?"

"Pepala silinena nthawi."

"Ndiye tilidikire. Mwina nalonso likubwera pa sitima ya ku Cuamba. Imeneyo tinaiona komaliza mvula isanathe."

"Kamarada, samalani pakamwa. Anthu otsutsa ntchito za boma amatumizidwa kutali."

"Kuti?"

"Ku Niassa."

"Ndiye ndafika kale, bambo. Ulendo unali wabwino. Ndipo musamanditi kamarada, sitinamenye limodzi nkhondo ine ndi inu. Ndine Abiti Momade."

Felisberto anauzira mpweya m'zala zake. Anatembenuka n'kuloza kutsidya kwa msewu, kumene kunali nyumba ya pampu yamadzi. Inali yofanana ndendende ndi ya mabuku, chifukwa mzungu uja atamva kuti nkhondo yayandikira anakwera ndege atasiya pepala limodzi lokha, ndipo ofesi inamangira pepala lomwelo nyumba zonse ziwiri.

"Mukuiona iyo? Imeneyo ndiye nyumba yomvera. Khomo kummwera, mawindo anayi kummwera. Ndaipatsa khumi pa khumi."

"Ija imalowa mvula ndi mphepo ija?"

"Zimalowa motsatira pulani."

"Pampu inachita dzimbiri mpaka kuuma. Ife a ku Lulimile tikutunga kudambo."

"Ine sindiyendera madzi. Ndimayendera nyumba. Mashelefu a mabuku asanu ndi atatu, onse alimo, ndawerenga."

"M'nyumba ya pampu?"

"Ali pa pulani."

"Pampuyo imawerenga?"

"Sinaletsedwe."

"Paikidwa chiyani pamashelefupo?"

"Sipanala imodzi." Anatsegula buku kuti atsimikize. "Ndi nkhunda ziwiri."

"Walahi, dziko lino lili ndi anthu ophunzira."

"Zikomo."

Mphepo inawomba mwamphamvu, n'kumuvula kapusi. Anaithamangira mpaka pakona, n'kuiponda. Pakonapo panali kachigamba ka dzuwa. Felisberto anavala kapusi koma sanabwerere. Anasendeza phazi limodzi, kenako linzake.

"Mukupita kuti, bambo? Dzuwa lanu mwalisiya kuseri."

"Ndikuyeza khoma lam'mbali."

"Ndi msana?"

"Ntchito iliyonse ili ndi njira zake."

Anayeza ndi msana mpaka anatulukira kumpoto. Kumeneko dzuwa linali litadzaza khonde lonse. Mawindo anayi, awiri agalasi, awiri otchingidwa ndi pulasitiki chifukwa magalasi ake anasweka limodzi ndi Che Salumu. Mkati munkaoneka anthu othawa nkhondo kumidzi, atakhala pamabenchi, misana ataipereka kudzuwa.

"Awa ndani?"

"Owerenga."

"Mabuku ali kuti? Ambiri sanagwire kanthu."

"Amabwera kudzawothera dzuwa, nkhuni zikusowa. Koma munthu ukakhala pafupi ndi buku tsiku lonse, umapezeka walitsegula. Amayi awo a mpango wofiira anabwera osadziwa chilembo ngakhale chimodzi. Pano amalemba dzina lawo."

"Alowera pati?"

"Afunseni. Mwina nawonso padenga."

Felisberto anayang'ana chitseko, anayang'ana pepala. Zala zake zinali zitauma moti pensulo inamugwa kawiri.

"Ichi ndi chibowo chopanda chilolezo," anatero. "Koma gawo lachiwiri la lipoti limalembedwa mkati. Ndikhala pabenchi ilo, pafupi ndi windo."

"Windo liti?"

"Ilo... chibowo icho."

Abiti Momade anafika pachitseko iye asanafike. Anakoka, anakhoma, kiyi n'kumumangirira pansonga ya chitenje.

"Tsegulani, kamarada."

"Nditsegule chiyani?"

"Chitseko."

"Pano palibe chitseko. Pepala lanu likuti pano ndi khoma."

"Ndikuchiona ndi maso."

"Maso mulibe mu pulani."

"Mayi, zala zanga zafa."

"Pitani pakhomo lenileni, kuseri. Mukaodire bwinobwino. Dzuwa likafika likupezani komweko."

"Abiti Momade, ndine wa boma ine."

"N'chifukwa chake ndikukulemekezani. Munthu wa boma angalowere pakhoma ngati mfiti? Anthu awa akaona adzanena chiyani? Mfundo yoyamba, nyumba ilibe khomo. Mwalemba nokha, ndi malovu anu omwe."

Felisberto anakhala pansi pakhonde. Anayala pepala pamaondo, mphepo n'kulizunguza, iye n'kuligwira msanga. Analigwira kumutu kuli kumiyendo. Anati alibweze, koma anaima. Anayang'ana pepala, anayang'ana nyumba. Anawerenga ndi chala.

"Khomo limodzi. Mawindo anayi." Nkhope yake inawala ngati ya mwana amene wapeza dzira m'tchire. "Abiti Momade, zonse zilipo. Ngakhale dzuwa lili pamalo pake."

"Lafika?"

"Lafika. Nyumbayi ilibe cholakwa. Pepala limayenera kugwiridwa chonchi."

"Eya. Ndiye musalisunthe. Ligwireni choncho, muyang'ane kutsidya kwa msewu."

Felisberto anayang'ana nyumba ya pampu. Kuchokera pamene anakhala, atagwira pepala motero, inkayenera kuyang'ana kumpoto ngati inzake. Iyo inali itayasamira mwera ndi mawindo ake onse anayi.

"Yatembenuka," anatero motsitsa.

"Aitembenuza ndani?"

"Womanga."

"Womanga anali kumvera ndani? Ndani ankaima pamenepo tsiku ndi tsiku ndi chingwe choyezera, kumakalipira anthu kuti asaphonye ngakhale chala chimodzi?"

Chingwecho chinali cha Felisberto mwini wake. "Woyang'anira."

"Dzina. Lipoti silimwa tiyi."

Mwamsanga Felisberto anabweza pepala mmene linalili poyamba. Anayang'ana kutsidya, anapuma. "Pampu ili bwino."

"Ndiye pano pabwerera khoma. Dzukani pakhonde langa, mukutsamira kuseri kwa nyumba."

Analitembenuzanso. Anayang'ana chitseko, anayang'ana pampu. Analibwezanso. Anachita zimenezi kanayi, munthu wamkulu wa ana ake, pepala likuzungulira pamaondo ngati lichero. Anthu a mkati anali atasiya kuwothera dzuwa, nkhope zili pagalasi.

"Ndapeza njira," anatero potsiriza, akuimirira. "Palibe amene alakwe. Ndikamayendera pampu, ndigwira chonchi. Ndikawoloka msewu kubwera kuno, ndiyang'ana kumene kuli dzuwa, n'kutembenuza pepala. Basi. Nyumba zonse ziwiri khumi pa khumi."

"Muyang'ana kumene kuli dzuwa."

"Inde."

"N'kutembenuza pepala la boma."

"Pang'ono chabe."

"Ndi chilolezo cha yani?"

"Sipafunika chilolezo, mayi. Ndi nzeru basi."

Abiti Momade anatola pensulo imene inagwa pakhonde, anaipukuta pachitenje, anainyowetsa yekha ndi malovu n'kumupatsa ndi manja awiri. Kenako anamutsegulira buku patsamba lakumapeto lija.

"Amuna anga anachita zomwezo, bambo. Lembani dzina lanu pansi pa lawo."

Tsambalo Felisberto analing'amba ndi dzanja lake, n'kulipereka kwa mwera, ndipo mwera unalitenga. Pa chikondwerero dzina la Che Salumu silinawerengedwe. Koma pitani mukaone chikwangwani chimene anakhoma pambali pa chitseko tsiku limenelo. Pali dzina la mzungu amene anathawa, pansi pake pali la Felisberto, woyang'anira. Malo otsala anajambulapo kadzuwa. Tsono inu amene mumakhala pamabenchi aja mu Juni, msana uli kudzuwa, buku lili m'manja, ndiyankheni: nyumba imeneyo anakutembenuzirani ndani?