Kukagoneka Achimwene ku Mafia

Zaka zija tikungofika kumene ku Buguruni kuno mu mzinda wa Dar kuchokera ku Mangochi, achimwene anga a Saidi sanakhazikike mumzinda. Anati munthu wa kunyanja sangapume utsi wa mafakitale, ndipo anawolokera pa chilumba cha Mafia kukayamba malonda a nsomba. Iwe Amina mdzukulu wanga, amene ukudandaula kuti ntchito ya unamwino akupatsa kumeneko ndiye kwatalika, tchera khutu, ndipo enanu mafoniwo ayambe apuma.

Kale ukati ukawaone achimwene, unkatsanzika ngati sudzabweranso. Basi inkakugwedeza mpaka ku Nyamisati, kumene msewu umathera m'matope a mtsinje wa Rufiji, ndipo apo unkadikira madzi a m'nyanja akwere kuti boti liyandame, udzudzu ukukudya, koma mphepo ikavuta unkagona pomwepo mpaka italeka yokha. Alamu anga, akazi a achimwenewo, atamwalira ndinakapeza manda atauma kale. Pamenepo achimwene anandigwira dzanja n'kundiuza kuti tsiku lawo likadzakwana, wowagoneka m'manda ndidzakhale ine, osati munthu wapadera. Ndinavomera, koma mumtima ndinkadziwa kuti ife Asilamu maliro sitichedwetsa, ndipo ulendo wa paboti sungalole.

Chaka chatha foni inalira m'mawa. Anali shehe wa ku Mafia, kundiuza kuti achimwene atisiya. Anandipepesa bwinobwino, n'kunena kuti adikira mpaka swala ya asiri basi, pemphero lija la chakumadzulo, ndipo poti wochokera ku Dar sangafike nthawi imeneyo, apempha kale mnansi kuti alowe m'manda m'malo mwanga. Ndinangokhala pansi. Bambo ako Yusufu ndi amene anandidzutsa, kundiveka mkanjo wanga wa kanzu, n'kundikankhira mu bajaji, kagalimoto kaja ka matayala atatu, mpaka ku bwalo la tindege ting'onoting'ono.

Kandege kake, ana inu, minibasi ya daladala ya ku Gongo la Mboto ikukula. Anandikweza pa sikelo pamodzi ndi kachikwama kanga ngati thumba la mpunga, ndipo nditakhala pansi ndinkaona nkhongo ya woyendetsa. Mantha ndinali nawo, sindibisa. Ndinatsinzina n'kuyamba kukoka tasibihi, mikanda yanga yopempherera, koma nditaphenya ndinaona madzi ofiira a Rufiji akuthira m'nyanja, komwe kuja ndinkagona ndi udzudzu, ndipo tinangokudutsa osaima n'komwe. Ola silinakwane, matayala anagunda pansi pakati pa mitengo ya kokonati.

Pikipiki, njinga yamoto ija, inandisiya kumanda jeneza lonyamulira maliro atalitula kale. Mnansi uja anali atavula nsapato, akupinda thalauzi m'mphepete mwa dzenje.

"Valani nsapato zanu, bambo," ndinatero. "Mng'ono wawo ndafika."

Shehe anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mzee, si inu ndalankhula nanu m'mawa muli ku Buguruni?"

Ndinawapatsa chikwama kuti andigwirire, ndipo ndinatsika. Achimwene ndinawalandira ndi manja angawa, ndinawagoneka chakumanja nkhope italoza ku kibula kumene timayang'ana popemphera, n'kumasula mfundo za nsalu ya sanda monga anafunira. Ndinalira, koma mtima unali pansi.

Ndiye Amina, pita ukagwire ntchito yako, usaope. Mtunda sunasinthe, nyanja ndi yomwe ija, koma masiku ano ukayamba ulendo m'mawa, masana uli pakhomo. Tsiku langa likadzakwana adzakuimbira foni, ndipo udzandipeza asananditulutse m'nyumba muno.