Mankhwala Amene Anachiza Mkulu Wake

Pamzere wolandirira mankhwala, mayi wina anazindikira kabokosi kamene bambo wapatsogolo pake anagwira.

"Bambo, amenewotu anachiza mwana wanga wamkulu. Mawu amene ankamva m'mutu anatheratu."

"Awa ndi a akazi anga. Mwezi wachitatu uno, osasintha."

"Musawakalipire. Mng'ono wake atadwalanso, ndinkamugawira omwewo. Thupi linauma gwa, mawuwo osaleka. Ndinkamukanula kukamwa ngati mbuzi, ndimvekere ukulavula iwe."

"Ankalavuladi?"

"Ayi, mwana wanga ankameza. Adokotala anati zimatengera chibadwa. Ngakhale a bere limodzi, thupi lililonse limalandira mankhwala mwa njira yake. Anamusinthira ena."

Bamboyo anayang'ana kabokosiko.

"Inetu ndawakanula m'mawa womwe uno."